Envulopu Yodzozedwa ya Choolwe

Choolwe anagogoda pachitseko changa sikisi koloko itangopitirira m'mawa wa Lolemba, ndipo kagogodedwe kake kanali ka munthu amene nyumba yake ikupsa. Ndinatsegula mswachi uli m'kamwa. Anali atavala kale siketi yakuda ndi bulauzi yoyera, nsapato ili kuphazi limodzi, m'manja muli envulopu yakhaki.

"Ba Mainess, nafa ine! Ma certificate yanga kulibe!"

Choolwe ndi mwana wa aneba anga kuno ku Kafue Estates. Anamaliza maphunziro a ntchito za mu labotale zaka ziwiri zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo wakhala akulemba makalata ofunsira ntchito osapuma. Ndikudziwa chifukwa ndine ndimawasindikiza. Ndinataipa makalata kunjanji zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo nditapuma ndinatsegula kashopu ka fotokope pamsika. Mwana aliyense womaliza koleji m'tauni muno amadutsa pa ine. Makalata a Choolwe ndinasiya kuwawerenga atakwana makumi asanu. Pa onsewo inayankha fakitale imodzi yokha ya ku Industrial Area: abwere Lolemba teni koloko ndi masatifiketi enieni, osati mafotokope, apo ayi asavutike n'kufika pageti.

Anakhuthulira envulopuyo patebulo langa. Munatuluka mapepala a mafunso akale amene ofuna ntchito amayeserera, ndi chikatoni choyera chopyapyala choumitsa envulopu kuti izimveka ngati muli satifiketi.

"Unayang'anamo liti komaliza?" ndinafunsa.

"Mailo kuseni, pamene nenze kuyenda ku church."

"Ndiye kuchokera dzulo m'mawa mpaka lero sunatsegule?"

"Ba Pastor banakamba ati tisasegule mpaka pa siku ya interview. Ati chamene Mulungu avala, muntu asasegule."

Ndinapita kukalavula mankhwala otsukira mano kuti ndisalavule mawu. Inenso ndimapemphera, musandimve molakwa. Koma mwana wophunzira sayansi zaka zinayi kugona usiku wonse osayang'ana ngati pepala la moyo wake lilipo! Mtima unandiwawa, mkwiyo n'kubweranso pamwamba.

Anandifotokozera akusisima. Kutchalitchi kwawo, Lamlungu lomaliza la mwezi, ofuna ntchito amabwera ndi masatifiketi awo m'maenvulopu olembedwa maina. Amawasiya m'dengu pakhomo, othandiza amakawamata ndi guluu m'kachipinda ka kuseri, kenaka pakati pa mapemphero dengu limabwera kutsogolo, abusa n'kudzoza envulopu iliyonse ndi mafuta. Pomaliza aliyense amatenga yake.

"Tiyeni ku police, ba Mainess."

"Tikamaliza kulemba sitetimenti, anzako adzakhala atayamba kale ntchito. Khala pansi, vala nsapato inayo."

Ndinavala magalasi. Paenvulopu panali banga la mafuta, lalikulu ngati chala chachikulu cha munthu. Mafutawo anali atalowa mpaka papepala loyamba la mafunso, lachiwirinso pang'ono. Ndiye kuti pamene abusa ankadzoza, zinyalalazi zinali kale m'kati. Wakubayo sanali wa m'nyumba ya Choolwe kapena wa mu minibasi yobwerera. Anachita ntchito yake kutchalitchi, mapemphero asanafike pachimake. Chikatoni chija chinali ndi timabowo ta mapini m'makona, koma panthawiyo sindinadziwe kuti tikundiuza chiyani.

Nditatembenuza mapepalawo, ndinaona mzera wakuda wotsika kumanzere kwa pepala lililonse. Mzera umenewo ndimaudziwa ngati chipsera cha pamwendo wanga. Makina anga anakalika m'kati mwezi wa Juni, ndipo makasitomala akhala akundinyoza nawo.

Mafunso amenewo ndinasindikizira anthu awiri okha. Mmodzi anali atakhala patsogolo panga akulira.

* * *

Ireen, mkulu wa othandiza kutchalitchiko, tinamupeza seveni koloko itapitirira akusesa pakhomo pa saluni yake. Ndi mtsikana amene sangakuuze mtengo wa tomato osatchula Yesu.

"Ma certificate? Blood of Jesus! Awe, iyo ni spirit of delay, ba Mainess. Satana saafuna uyu mwana asebenze."

"Satana sagwiritsa fotokope yanga. Anali maenvulopu angati?"

"Thirty-one. Ninapenda neka, amen."

"Unamata nthawi yanji?"

"Pamene praise inayamba. But glue inasila pakati, so ninathamanga pa kantemba kugula inangu. Ten minutes chabe."

"Chitseko unakhoma?"

"Nikhome shani? Muja mumankala bamai ba intercession, bapempelela basket. Baja ni bantu ba Mulungu, ba Mainess, musayambe na kuganiza. Bamachita fasting three days dry."

"Anali ndani ndi ndani?"

"Bamangena, bamachoka. Nenze busy ine, vintu vambili."

Ndinaona kuti ndikapitiriza ndimumenya ndi tsache lakelo. Iye anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu monga amachitira anthu opemphera akafuna kudya miseche.

"Sinikamba muntu, ka. But imwe ganizani: nindani winangu bamuitana ku interview yamene iyi? Ni Timothy Sakala. Bamai bake banapasa testimony pa church last week, banalila na misozi. Post ni imozi, bantu babili. Ine sinakambe chilichonse, amen."

Choolwe anagwira pakamwa. "Timothy? Tenze naye ku college, enze senior wanga. Ndiye ananiphunzisa kulemba CV!"

"Dzulo unamuona Timothy?" ndinafunsa Ireen.

"Envelope yake inaliko."

"Sindinafunse envulopu. Mwini wake unamuona ndi maso ako?"

Anaima, tsache lili m'mwamba. "Bantu benze bambili," anatero.

Munthu wachiwiri amene ndinamusindikizira mafunso aja anali Timothy yemweyo.

* * *

Tinataya mphindi makumi atatu kumufunafuna, ine ndikuwefuka ngati ng'ombe yokalamba, Choolwe akuyang'ana foni pa sitepe iliyonse. Tinamupeza eyiti koloko itadutsa, pa okonza njinga pafupi ndi msewu wopita ku Chanyanya, akumangirira bokosi la nsomba pakaliyala. Timothy ndi bambo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, wamtali, wosalankhulalankhula. Digiri yake ili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sinagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Masiku ano amapikula nsomba kumtsinje n'kumagulitsa m'makomo.

Choolwe sanadikire moni. "Iwe kawalala! Nipase ma certificate yanga! Unaona ati nizakupitilila, so waniba?"

Okonza njinga anasiya zipangizo n'kutchera makutu. Timothy anamaliza kumanga mfundo yake kaye.

"Ma certificate ya chani?"

"Dzulo unali kuti?" ndinalowerera.

"Ku Chanyanya. Ninachoka five, ninabwela fifteen hours. Funsani aliyense pa harbour. Ku church ninaleka mu January."

Ndinamuonetsa mapepala aja. Anawatembenuza, n'kuona pamene iye mwini anayankha funso lina ndi pensulo. Nkhope inasintha.

"Ni yanga aya. Yamankala mu drawer kunyumba. Yafika bwanji kuli imwe?"

Apa m'pamene ndinamuyang'ana bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kabudula wong'ambika, majombo a mphira, ndevu zosameta. Munthu amene ali ndi intavyu pasanathe maola awiri, njinga yake italoza kumtsinje!

"Timothy, teni koloko ukhala kuti?"

"Nizavala manje manje."

"Usandipusitse ine, ndinakuona uli m'matewera. Kalata iliyonse yokuitanani ana inu imasindikizidwa pamakina anga. Ya Choolwe ndinasindikiza Lachitatu. Yako ili kuti?"

Anayang'ana okonza njinga aja, kenaka anakankha njinga yake mpaka pansi pa mtengo, ife tikumutsatira.

"Sibananiitane," anatero motsitsa. "Nina applya, but sibanayanke."

"Nanga testimony ija?" Choolwe anafunsa.

"Pamene iwe unakamba pa church ati bakuitana, ba mami banabwela kunyumba, ati nanga iwe? Benze pa fasting siku ya number five chifukwa cha ine, na BP yao ija. Banagwapo kale mu bafa. So ninakamba ati na ine baniitana, kuti chabe badye. Sinenze kuziba ati bazayenda kuimilila pa church. Nenze nifuna nikabauze mazulo ati sinapase, yasila."

Ndinafuna kumukalipira, koma ndinaleka. Bodza lake linali lopusa, komabe linali bodza la mwana wofuna kuti mayi ake adye.

"Ngati iwe sunapite kutchalitchi," ndinatero, "envulopu yako anapititsa ndani?"

Anangoyamba kumasula mfundo imene anali atangomanga.

* * *

Amake Timothy ndimawadziwa kuyambira kale. Malemu amuna awo anali okonza mabogi kunjanji, anabwera kuchokera ku Katete chaka chimodzi ndi bambo anga aang'ono. Tinawapeza naini koloko, pakhonde, akusita malaya oyera ndi simbi yamakala chifukwa magetsi anali atapita. Pambali panali nsapato zakuda zopukutidwa mpaka kuwala, ndi tayi ya malemu aja.

"Iwe Timothy, unali kuti? Madzi ako osamba azizira kawiri!" Atationa ife kumbuyo kwake, dzanja logwira simbi linaima. "A Mainess, mwalawira. Kwagwanji?"

"Kwagwa zimene mukuzidziwa, amake Timothy. Nthawi ndilibe. Masatifiketi a mwanayu."

"Ine ndidziwe bwanji za mapepala a ana a eni? Sukulu ndinalekera folomu wanu ine."

"Dzulo munali m'kachipinda kopempherera dengu?"

"Ndimakhalamo mwezi uliwonse. Kupemphera kwasanduka mlandu?"

"Ireen atapita kukagula guluu munatsala ndi ndani?"

"Ndinatsala ndi Mulungu wanga."

Ndinaika mapepala a mafunso patebulo. "Awa achokera mudirowa ya mwana wanu."

"M'nyumba muno mumalowa anthu ambiri."

Mayi ameneyu akanatha kukana ngakhale dzina lake. Ndinayang'ana malaya aja. Anali atsopano, mizere ya m'sitolo isanafafanizike, ndipo pakona ya tebulo panali mapini anayi atabayidwa pabulangete lositirapo. Mutu wanga unatseguka. Ndinatulutsa chikatoni chija n'kuchigoneka pamsana pa malayawo. Chinakwana ndendende m'mizere yopindira, timabowo tili pomwe panali mapini.

"Malaya atsopano amabwera ndi chikatoni m'kati," ndinatero. "Chanu chili kuti?"

Anaika simbi pamwala pang'onopang'ono. Sanachite manyazi ayi, ndipo chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima koposa. Anawongola msana ngati akupereka umboni kutchalitchi.

"Sindinabe. Ndasunga. Mawa m'mawa ndikanakamponyera pakhomo pake, osapindika ngakhale pakona. Malo ndi amodzi, a Mainess. Mwana uyu wadikira zaka ziwiri, ndi wamng'ono, adzapeza ina. Wanga wadikira zisanu ndi chimodzi. Bambo ake anagulitsa munda kumudzi kuti aphunzire, anamwalira osaona ngakhale suti yake ya kuntchito. Lero mwana wa digiri azinunkha nsomba m'misewu, anthu akundiloza? Ndapemphera mpaka maondo achita zikang'a. Dzulo nditaona dzina la mtsikanayu pamwamba pa dengu, guluu atatha, chitseko chili chotseka, ndinati Ambuye mwanditsegulira njira."

"Mapepala ndi chikatoni munachita kunyamula kuchokera kunyumba. Ambuye anakutsegulirani njira Loweruka?"

Choolwe anagwada pasimenti, siketi yake yakuda ikutola fumbi.

"Bamai, napapata. Ni nine fifteen. Sinizakamba kuli aliyense, nilumbila. Nipaseni chabe."

"Udzatenga ikakwana leveni, mwanawe."

"Ndikuitana apolisi," ndinatero.

"Aitaneni. Andimange. Pofika iwo teni idzakhala itadutsa, mwana wanga ali m'kati."

Apa madzi anafika m'khosi. Ndikanatha kugwetsa nyumba yonse kufunafuna, koma zipinda zitatu ndi masutikesi a zaka makumi anayi sizifufuzika m'mphindi makumi awiri. Ndinatembenukira kwa Timothy. Anali ataima pamasitepe, maso ali pa tayi ya bambo ake.

"Timothy," ndinatero, "ine ndalephera. Kiyi uli naye ndiwe."

Anandiyang'ana mondipempha kuti ndimuleke. Sindinamuleke. Anakwera sitepe imodzi, navula kapusi.

"Mami, kulibe interview."

"Ukuti chiyani? Kasambe, nthawi yatha."

"Sibananiitane, mami. Ninanama. Nenze nifuna chabe mudye. Olo Choolwe asayende, ine pa gate sibazaningenesa. Zina yanga palibe pa list."

Kunja kunadutsa wogulitsa makala akuitanira malonda, ndipo tonse tinamumvetsera mpaka anakhota. Amake Timothy anayang'ana mwana wawo, anayang'ana malaya, kenaka anafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo kwawo ngati munthu wosaona.

"Ndinaimirira pamaso pa mpingo," anatero. "Ndinavina."

"Niziba, mami. Pepani."

Amake anamasula chitenje cha pamwamba. Pamimba anali atamangirira jumbo yapulasitiki ndi mpango. Anagona nayo, anadzuka nayo, anasita nayo. Anaisolola n'kuipereka osayang'ana amene akulandira. Choolwe anaitsegula: digiri, satifiketi ya giredi thwelofu, chitupa, zonse zinalimo, zofunda ngati buledi.

Nthawi inali itakwana hafu pasiti naini ndi mphindi zisanu.

* * *

Kudikira minibasi kukanakhala kudzipha, chifukwa siinyamuka isanadzaze. Timothy anatsitsa bokosi la nsomba, anayala katoni pakaliyala, nati, "Kwela." Choolwe, amene ola limodzi lapitalo ankamutcha kawalala pamaso pa anthu, anakwera chammbali atakumbatira jumbo ija pachifuwa. Ndinamukuwira kuti akafika apukute siketi ndipo asakayambe kulira pamaso pa mabwana. Ngati anamva sindikudziwa. Njinga inakhota pakona, ikusiya fungo la nsomba.

Ine ndinatsala pakhonde. Shopu yanga inali isanatsegulidwe, makasitomala anali atandiimbira kanayi, miyendo ikuwawa, ndipo ndinali ndi mawu okwana dengu oti ndiwakhuthulire mayi amenewa. Ndinayamba kumene.

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amake Timothy. Mukanamuphera tsogolo mwana wosalakwa chifukwa cha..."

Ndinalekera pomwepo. Sankandimva. Anali atakhala manja ali pamiyendo, milomo youma, ndipo ndinazindikira kuti ngakhale lero anali asanalawe kanthu. Ndinalowa m'khitchini mwawo ngati mwanga, ndinawapangira tiyi pambaula, n'kuwaumiriza kuti amwe. Anamwa theka.

Foni yanga inalira itatsala mphindi zinayi kuti ikwane teni. Unali uthenga wa Choolwe. Ndinauwerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Walowa?" anafunsa amake Timothy.

"Walowa."

"Yamikani Mulungu." Anapumira m'mwamba. "Ndiye poti ali yekha, ntchito ndi yake."

"Sali yekha. Akuti pamzere alipo anthu makumi asanu ndi awiri kudza anayi. Ena achokera ku Kitwe, ena ku Chipata, agona pasiteshoni. Malo ndi amodzi omwe aja."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo. Milomo yawo inayenda, akuyesa kuwerenga chiwerengerocho.

"Ine ndimayesa alipo awiri," anatero.

Anadzuka, anatenga malaya aja patebulo, nawakweza m'mwamba kuti awaone bwino. Dzanja limodzi linali losita, linalo likadali ndi mizere ya m'sitolo.

"A Mainess, inu mumaona mapepala a ana onsewa. Ndiuzeni zoona. Malayawa adzawavala liti?"

Kuyambira sikisi koloko ndinali ndi yankho pa chilichonse. Pa funso ili ndinangotola kapu ya tiyi n'kupita kukaitsuka.